Khoti lataya mlandu wa nyumba ya bambo anga chifukwa loya sanapereke mapepala, titani abale?

Naphiri_Mufakose:

Moni nonse abale anga. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi, mwina pano alipo amene anadutsamo kapena amadziwa za makhoti a kuno. Ndilemba motalika pepani, ndikufuna mumve kuyambira pomwe zinayambira.

Bambo anga anabwera kuno ali mnyamata kuchokera ku Dedza, agwira ntchito mufakitale ku Workington zaka zoposa 30 ndipo moyo wawo onse akhala akuchita lendi kuno ku Mufakose mu Harare, ku Zimbabwe, maloja monga timanenera kuno. Mu 2022 ife ana tinati ayi madala asafere m'nyumba ya eni, tinasonkherana, achimwene anga a ku Johannesburg anatumiza gawo lalikulu, ine ndi mng'ono wanga tinaikapo zathu za kumsika. Tinapeza nyumba ya zipinda zinayi ku Glen Norah, zija za khonsolo zosinthana maina ndi cession, mwini wake anati US$24 000. Tinalemba agirimenti, tinalipira katatu, ndalama yomaliza tinapereka pa 28 February 2023 ndipo malisiti onse alipo osayinidwa ndi dzanja lake. Titati tiyeni ku ofesi ya nyumba dzina likasinthe bambo uja anayamba kuzemba, lero ali kumudzi, mawa foni yazima, mapeto ake ananena poyera kuti ana ake akukana komanso nyumba zakwera mtengo ndiye tiwonjezere 6 000. Mpaka lero makiyi sitinawaone, muli anthu a lendi ndipo lendiyo akudya ndi iyeyo.

Tinapeza loya ndipo mu August 2023 anatulutsa masamani ku High Court kuti khoti limukakamize munthuyo kusayina, apo ayi abweze ndalama. Winayo naye anapeza loya wake nkukana mlandu. Kuchokera pamenepo tikaimba foni yankho linali limodzi, zili mkati mayi makhoti amachedwa. Bambo nawonso ankatiletsa kumuvutitsa, ankati mlandu suwola ananu, munthu wophunzira musamamutsate ngati mwana.

Lachiwiri pa 7 October 2025 kwabwera kalata kunyumba yochokera kwa maloya a wogulitsa uja, akuti mlandu wathu unatayidwa pa 9 September ndipo tikonzeke kulipira ndalama zomwe iwo awononga pa mlanduwu. Ndinathamangira kwa loya wathu, ndinadikira maola atatu, atatuluka akuti panali mapepala a discovery omwe jaji analamula mu May kuti aperekedwe pasanathe masiku 10 ndiye sanaperekedwe, akuti kalaliki wawo anasiya ntchito ndipo mauthenga a khoti amapita ku imelo yomwe palibe amatsegula. Akuti musadandaule tikonza, koma tiikepo kaye ndalama ina.

Abale ife palibe tsiku lomwe tinaitanidwa kukhoti nkukana kupita. Palibe pepala lomwe anatipempha nkulephera kupereka. Jaji sanamve nkomwe mawu a bambo anga. Ndiye zikutheka bwanji kuti munthu amene anadya ndalama ndi amene wawina, ife tikumulipiranso? Mlandu woterewu umadzukanso? Kapena tingayambe wina? Bambo ali ndi BP sindinawauze zonse, ndangoti tsiku lasunthidwa.

Abanda_Highfield:

Pepani achemwali, zowawa zedi. Musanachite chilichonse tiuzeni mawu enieni omwe alembedwa pa order yo, osati zomwe wakuuzani loya pakamwa, chifukwa pa zinthu za khoti liwu limodzi limasintha nkhani yonse. Ndipo chonde achimwene anu a ku Joni asakatenge anyamata kupita ku Glen Norah kukatulutsa anthu a lendi aja, ndikudziwa mtima ukawawa maganizo oyamba amakhala amenewo koma mukatero mlandu wa nyumba usanduka wa polisi ndipo omangidwa mukhala inu.

Naphiri_Mufakose:

Zikomo achimwene. Pepalalo ndi lalifupi, mizere itatu basi, pomaliza palembedwa kuti dismissed with costs. Pamwamba akuti inali chamber application ndipo mbali yathu palibe anayankha. Za anyamatazo mwalasa, anaimba usiku akupsa mtima ndinawaletsa.

Ambewe_DZ:

Achemwali Naphiri pepani kwambiri. Ine si loya, ndinene kaye zimenezo, koma ndagwira ukalaliki mu ofesi za maloya mtawuni muno zaka 14, kunyamula mafayilo kupita nawo ku High Court pa Samora Machel paja kuyambira nthawi ya masitampa mpaka pano zonse zili pa kompyuta, ndiye zoterezi zadutsa m'manja mwanga kangapo. Ndikuuzani zomwe ndikudziwa koma loya wina watsopano mumufune ndithu sabata ino.

Abanda afunsa bwino za mawu. Kukanalembedwa struck off the roll bwenzi nkhani ili yopepukirapo, amenewo amatanthauza kuti mapepala ali ndi chilema ndipo Practice Direction 3 ya 2013, yomwe anatulutsa malemu Chief Justice Godfrey Chidyausiku, imapereka masiku 30 oti munthu akonze, akapanda kutero mlandu umatengedwa ngati wausiya yekha. Kukanalembedwa removed from the roll kapena postponed sine die ndiye kuti waikidwa pambali ndipo pamakhala miyezi itatu yoti muupemphere tsiku. Wanuwu ndi dismissed, fayilo yatsekedwa, simungangopita kwa Registrar kukapempha tsiku lina.

Koma mumve bwino apa chifukwa ndi pomwe mtima wanu ukuwawira. Jaji sananene kuti bambo anu ndi abodza kapena kuti sanalipire. Malisiti anuwo sanawaone nkomwe. Discovery ndi pomwe mbali iliyonse imalumbira pa afidaviti nkutchula mapepala onse omwe ili nawo okhudza mlandu, agirimenti, malisiti, makalata, ngakhale mauthenga a pafoni, cholinga choti pa tsiku la mlandu wina asatulutse pepala m'thumba modzidzimutsa mnzake. Mbali ina ikakana kapena kuchedwa, inzake imapempha jaji kuti alamule, jaji amapereka masiku, ndipo masikuwo akatha osachitapo kanthu malamulo amalola kuti ngati ndinu osuma mlandu wanu utayidwe, ngati ndinu osumiridwa yankho lanu lifafanizidwe. Chimodzimodzi ndi pa pre-trial conference, kukumana kokonzekera mlandu usanayambe kumvedwa, jaji akati mubweretse izi tsiku lakuti inu osabweretsa kapena osabwera. Khoti limaona kuti linalankhula mu May, munthu sanayankhe, linalandira pempho loti mlandu utayidwe, munthu sanayankhenso, ndiye lichite chani. Ndipo pamaso pa khoti inu ndi loya wanu ndinu munthu mmodzi, iye akalandira pepala ndiye kuti mwalandira ndinu. Nchowawa koma ndi mmene zilili.

Njira yoyamba ndi kupempha kuti chigamulocho chifufutidwe, amati rescission. Mu High Court Rules za 2021, zomwe zinalowa m'malo mwa zakale za 1971, rule 27 imati chigamulo choperekedwa iwe kulibe ungapemphe kuti chichotsedwe pasanathe mwezi umodzi kuchokera pomwe wadziwira. Inu muziti tinadziwa pa 7 October, koma samalani, malamulo amayamba ndi kuganiza kuti munthu anadziwa patangopita masiku awiri chigamulo chiperekedwereni pokhapokha iye atasonyeza kuti sizinali choncho, komanso a mbali inayo adzati loya wanu anadziwa kale mu September kudzera pa IECMS, njira ya pa kompyuta yomwe makhoti amalandirira ndi kutumizira mapepala. Ndiye loya wochenjera adzapemphanso condonation, kutanthauza kupepesa kukhoti chifukwa chochedwa ndi kupempha chilolezo, kuti asadzagwe pa nkhani ya masiku. Envelopu ya kalata ija musataye, ndi umboni wa tsiku lomwe munadziwa. Palinso rule 29 ya zigamulo zoperekedwa molakwika, monga ngati pempholo silinafike nkomwe kwa loya wanu, koma mmene mwafotokozera zikuoneka kuti linafika iye ndi amene sanatsegule.

Jaji akamaona pempho lotere amayang'ana ngati chifukwa chomwe mwapereka ndi chomveka, ngati mukubwera ndi mtima woona osati kungotaya nthawi, komanso ngati mlandu wanu uli ndi mutu ukadzamvedwa. Pachitatupo muli bwino, agirimenti ilipo malisiti alipo. Poyamba paja ndi pomwe pali phiri. Kungonena kuti analakwitsa ndi loya sikukwana, makhoti amafuna kuti amene mukumuloza chalayo alembe yekha afidaviti yovomera kuti ndinalakwitsa ndine ndipo zinayenda motere. Komanso majaji a kuno anatopa nazo nkhani za maloya ogona. Pa mlandu wa Ndebele v Ncube wa 1992 ku Supreme Court, jaji McNally anadandaula kuti mapempho opepesa kuchedwa achuluka, milandu iyenera kumafika pothera, ndipo lamulo limathandiza amene ali maso osati waulesi. Mpaka lero maloya a mbali inayo amautchula mlandu umenewu pafupifupi nthawi zonse. Amatchulanso wa ku South Africa wa Saloojee wa 1965 womwe umati pali malire pomwe munthu sangabisalenso kumbuyo kwa kulephera kwa loya wake, makamaka ngati iye anangokhala osafunsa. Ndiye fufuzani mufoni mwanu mauthenga onse omwe munkafunsa kuti mlandu uli pati ndi mayankho aja oti zili mkati, musafufute ngakhale umodzi, ndi omwe adzasonyeze kuti inu simunagone.

Tsopano njira yachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna muwerenge kawiri. Popeza mlandu sunaweruzidwe pa mutu wake weniweni, kawirikawiri munthu amaloledwa kutulutsa masamani atsopano, ngakhale a mbali inayo angapemphe kuti ziime kaye mpaka mutalipira costs za mlandu woyamba. Vuto ndi nthawi. Bambo akuti mlandu suwola, kumudzi pabwalo la mfumu ndi zoona, mdzukulu amatha kulipira mbuzi ya agogo ake. Kuno kuli Prescription Act, Chapter 8:11, ndipo ngongole wamba imafa pakatha zaka 3. Liwu loti ngongole pamenepa si ndalama zokha, ngakhale ufulu wanu wouza munthu kuti sayina nyumba ikhale yanga uli momwemo. Anthu ambiri amaganiza kuti poti tinasuma mu 2023 ndiye wotchi inaima, inde inaima, koma section 19 imati ukapanda kuufikitsa mlanduwo pa chigamulo chokupatsa zomwe umafuna, kuima kuja kumafufutika ngati sikunachitike. Ndiye werengani kuchokera pa 28 February 2023 pomwe munamaliza kulipira, zaka 3 zikutha kumapeto kwa February 2026. Agirimenti yanu ikhoza kukhala ndi tsiku lina lomwe cession imayenera kuchitika, loya aone, koma inu muzitenga tsiku loyandikira kwambiri. Ndipo chomwe chimaimitsa wotchi si tsiku lomwe masamani atuluka ku khoti ayi, ndi tsiku lomwe Sheriff, mthenga wa khoti, wawapereka kwa munthuyo. Munthu wozemba ngati ameneyu, mu December maofesi a maloya ambiri atatseka, miyezi inayi si yambiri.

Chomwe ndaona chikupha anthu ndi ichi, amaponya rescission nkukhala pansi kudikira, imatenga miyezi, jaji nkudzaikana mu April, pofuna kuyamba mlandu watsopano nkupeza zaka 3 zinadutsa. Ndiye loya watsopanoyo mumufunse maso ndi maso kuti prescription ikugwa tsiku liti ndipo rescission ikakhala isanamveke pofika January tidzatani, akuyankheni molemba.

China, panopa palibe chomuletsa bambo uja kugulitsa nyumbayo kwa munthu wina. Loya alembere ofesi ya nyumba ya khonsolo kuwadziwitsa kuti pali mkangano, ndipo ngati pali chizindikiro choti akufuna kugulitsa apemphe khoti limuletse mwachangu. Pempho lachangu ukalichedwetsa jaji amati ngati unadikira mwezi ndiye kuti sizinali zachangu.

Nangondo_Epworth:

Mayi Naphiri ine za malamulo sindidziwa koma ndikuuzeni zomwe zinatichitikira mwina mutolapo kanthu. Amalume anga anabwereketsa mnzawo wa kutchalitchi US$7 000 mu 2016, ndalama ya penshoni yawo yonse, munthuyo amati akagula kombi azibweza mwezi ndi mwezi. Sanabweze. Anasuma mu 2017, mu 2018 tsiku lokaonana ndi jaji amalume anali kumaliro ku Ntcheu ndipo loya wawo naye sanapite, mlandu unatayidwa. Anavutika pafupifupi chaka kuti udzuke, kulipira loya wina, kulipira costs za munthu yemwe anawadyera ndalama, unadzukadi ndipo anadzawina mu 2020. Koma pakati pamenepo boma linali litatulutsa lamulo lija la SI 33 ya 2019 loti ngongole zakale za madola aku America zisanduke RTGS, ndalama ya kuno ya nthawi imeneyo, wani kwa wani, ndipo Supreme Court pa mlandu wa Zambezi Gas mu January 2020 inatsimikiza kuti ndi momwemo. Munthu uja anabwera akumwetulira nkulipira 7 000 ya RTGS, amalume atapita nayo ku hadiweya sinakwane ngakhale malata a chipinda chimodzi. Akanapita tsiku lija mu 2018 mwina akanalandira ndalama ikadali ndalama. Anamwalira chaka chatha akuitchulabe nkhani imeneyi.

Yanuyi ndi ya 2022 ndiye lamulo limenelo silikukhudzani, koma dziko lino mukulidziwa, ndalama imangosintha, taona bond, taona RTGS, pano tili ndi ZiG kuyambira April 2024. Ine ndikanakhala inu ndikanalimbikira nyumbayo osati kubwezeredwa ndalama, chifukwa ngakhale atakupatsani 24 000 yonse lero simupezanso nyumba ngati imeneyo ku Glen Norah pa mtengo umenewo, nchifukwa chake mwiniwakeyo akuzemba.

Komanso bambo auzeni. Ndikudziwa mukuopa BP koma mlandu uli m'dzina lawo, afidaviti adzalumbira ndi iwo, ndipo akadzamva kwa munthu wina kapena Sheriff akadzafika pakhomo kudzalemba katundu chifukwa cha costs zidzawapweteka koposa. Itanani munthu wamkulu yemwe amamumvera, kaya a mpingo kaya ankhoswe, mukhale pansi muwauze bwinobwino atamwa kale mankhwala.

Malume_a_ku_Mbare:

Ine ndiye magazi awira. Ambewe mwafotokoza bwino koma mukumunyengerera loyayu. Munthu walandira ndalama za amayi ogulitsa tomato, miyezi inayi yathunthu kuchokera May mpaka September osatsegula imelo, lero akuti ikaniponi ndalama ina? Mwana wanga Naphiri, mawa lomwe pita ku Law Society of Zimbabwe ukamusumire, ndi amene amapereka ziphaso kwa maloya chaka ndi chaka ndipo ali ndi mphamvu yowatengera ku bwalo lawo la chilango. Ufunsenso ngati ali ndi chiphaso cha chaka chino chifukwa ena mtawunimu akugwira ntchito opanda. Anthu athu timaopa kwambiri maofesi, makolo athu anakhala zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa alien ndiye anazolowera kuti ukaona munthu wa tayi uzingoti inde bwana, ngakhale Constitution ya 2013 inabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo ndi la dziko la SADC ndipo Chichewa chathuchi chili pa zilankhulo 16 zovomerezeka, mantha aja sanachoke. Bambo akowo poti musamutsate munthu wophunzira ndi mantha omwewo. Loya ndi waganyu wako, unamulemba ntchito ndiwe.

Ndipo za IECMS zo asakunamize. Inayamba mu 2022 ku Supreme Court, Constitutional Court ndi Commercial Court, ku High Court inafika mu 2023, zaka ziwiri zonsezi ofesi yake sinaphunzire kutsegula kompyuta? Usamupatse ngakhale dola imodzi.

Ambewe_DZ:

Amalume sindikumuikira kumbuyo, walakwa ndipo ku Law Society kupitidwe. Pomwe ndikusiyana nanu ndi pa mawu oti mawa lomwe. Law Society ikhoza kumulanga koma singadzutse mlandu wa nyumba, ndipo madandaulo kumeneko amatenga nthawi yawo. Panopa achemwaliwa akufunika zinthu ziwiri kwa munthu ameneyu, fayilo yonse ndi afidaviti yake yovomera kulakwa. Mukayamba ndi kumuopseza adzauma khosi, adzati fayilo sindipereka mpaka mundilipire zotsala, ndipo afidaviti adzailemba modziteteza kuti makasitomala ndi amene samabweretsa mapepala, pamenepo rescission yafa. Atenge kaye ziwirizo mwaulemu, loya watsopano alembe kalata yopempha, zikalowa kukhoti ndiye apite kukadandaula. Loya watsopano angathenso kupempha kuti costs zilipiridwe ndi loya wolakwayo kuchokera m'thumba mwake, amati de bonis propriis, majaji amapereka nthawi zina akaona kuti kunyalanyaza kwake kwanyanya. Ndipo nyumba ikadzatayika chifukwa cha iyeyo pali mlandu wina womusumira iye mwini.

Pa zoti asamupatsenso ndalama ndikugwirizana nanu, komanso asamulole kuti akonze yekha, munthu sangaime pamaso pa jaji kudzitsutsa yekha ndi mtima onse. Ngati ndalama ya loya wina palibe ayesere ku Legal Aid Directorate ya boma kapena ku Legal Resources Foundation, kungoti anene pakhomo pomwe kuti pali masiku owerengeka asaikidwe pa mzere wa mwezi wamawa. Chinanso achemwali, munthu wamba naye amatha kulembetsa pa IECMS, funsani pa help desk ku High Court kuti akulumikizeni ndi nambala ya mlandu wanu muziona nokha chomwe chalowa.

Naphiri_Mufakose:

Abale zikomo nonse, ndawerenga mobwerezabwereza mpaka ndalemba masiku aja pa kalendala ya kukhitchini. Ndikuuzeni pomwe tafika.

Dzulo ndinapita ndi mng'ono wanga kwa loya uja, sitinakangane naye, tinangoti tikufuna fayilo. Anayamba ndi zoti mayi musathamange tikonza, ine ndinati bambo ndalama ina tilibe tipatseni mapepala athu. Watipatsa makope, akuti zenizeni apereka kwa loya watsopano akalemba kalata. Mkatimo ndapeza order ya May ija, ndapezanso makalata awiri ochokera kwa maloya a mbali inayo omukumbutsa, ina ya June ina ya July, onse ali ndi sitampa yoti analandiridwa pa ofesi yake. Ndiye nkhani ya imelo ija si yonse. Ndinangoti laponda lamphawi ndili chiimire pa risepushoni pomwepo. Za afidaviti wati alemba, tiona ngati achitedi.

Mauthenga anga ofunsa za mlandu ndawapeza 23 kuyambira 2023, atatu mwa iwo ndi a pakati pa May ndi September ndipo onse anayankhidwa kuti zili mkati. Ndawajambula ndatumizanso kwa achimwene kuti foni ikatayika asasowe.

Ambewe pali china chomwe ndapeza mufoni ya bambo sindikudziwa ngati chili ndi ntchito. Mu March 2024 wogulitsa uja anawatumizira voice note pa WhatsApp, akulankhula Chishona, akuti mdhara ndalama yanu ndinalandira yonse sindikukana, uzani ana anu achotse mlandu kukhoti tikambirane ngati anthu, ndikapeza ndidzakubwezerani. Bambo sanatiuze poti ankaona ngati nzopanda pake.

Usiku tinawauza zonse, anabwera a mpingo awiri monga munanenera mayi Nangondo. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anafunsa kuti ndiye jajiyo ndingakamuone ndekha ndimufotokozere? Tinawauza kuti sizitheka koma mawu awo adzalembedwa pa afidaviti ndipo jaji adzawerenga. Ati ndiye mulembe kuti ndinagwira ntchito zaka 33 sindinabepo kanthu ka munthu. BP m'mawa uno inali yokwera pang'ono koma adya phala.

Ambewe_DZ:

Voice note imeneyo isungeni ngati dzira, foni ya bamboyo isapite kwa okonza mafoni ndipo musaisinthe nambala. Section 18 ya Prescription Act imati wangongole akavomera kuti ali ndi ngongole, zaka zija zimayambanso kuwerengedwa kuchokera tsiku lomwe wavomera, ndiye March 2024 akhoza kukupatsani mpweya. Kungoti mwamva mawu ake, wavomera ndalama ndi kubweza, sanavomere kusayina nyumba, a mbali inayo adzakanirira pamenepo ndipo adzatinso anali mawu okambirana chabe. Ndiye ngati mukufuna nyumbayo muzigwirabe February 2026 ngati malire. Makalata a June ndi July aja apatseni loya watsopano tsiku loyamba, ndipo Lolemba mukamapita mutenge bambo, chitupa chawo, agirimenti yeniyeni, malisiti onse atatu ndi envelopu ija.